Choko cha m'ketulo ndi chitsime cha ku Addington

Munthu wa kwathu akangofika ku Croydon, chimene chimayamba kumudetsa nkhawa m'nyumba si kuzizira ayi, poti za kuzizira anamuuziratu asananyamuke. Ndi ketulo. Amagula yatsopano yonyezimira, koma mwezi usanathe pansi pake payera mbuu, tizibenthu toyera tayamba kugwera m'kapu, ndipo pamwamba pa tiyi pakuyandama kakhungu kopyapyala. Sopo sachita thovu, khungu limatuwa, tsitsi limauma. Loweruka umakumana naye m'basi atanyamula mtolo wa mabotolo a madzi ogula, ndipo mukalonjerana amakunong'oneza kuti, "Achemwali, madzi akunowa musamamwe, muli mankhwala."

Ine ndimamwa. Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'nyumba zawo, ndipo ndimatereka ketulo m'makhitchini a eni ake kuyambira ku Thornton Heath kumpoto mpaka ku Coulsdon kummwera. Sindiwaseka abale anga ogula madzi a m'mabotolowa, chifukwa munthu wokulira kumene kolera imabwera ndi mvula amakhala ndi chifukwa chabwino choopera madzi. Chimene chimandipweteka n'chakuti mantha awo alunjika pa chinthu chimene chilibe mlandu. Zoyera za m'ketulo sizinaphepo munthu m'tawuni muno. Madzi amene anapha anthu ku Croydon anali oyera mbee, ozizira, okoma pakamwa, ochokera m'chitsime chimene aliyense ankachikhulupirira.

Nkhaniyi imayambira pansi pa nthaka. Croydon ili kummwera kwa London, pamene zitunda za North Downs zimayamba kutsetserekera ku chigwa cha mtsinje wa Thames. Zitundazi ndi choko chokhachokha, mwala woyera wofewa umene ukaukanda umasiya ufa m'manja. Chinapangika pansi pa nyanja zaka zoposa 66 miliyoni zapitazo, kuchokera ku zigoba za tizamoyo tosaoneka ndi maso timene tinkafa n'kumaunjikana pansi. Mvula ikagwa imatenga mpweya wa carbon dioxide mumlengalenga ndi m'dothi, n'kukhala ndi kamphamvu kosungunula choko pang'onopang'ono. Madziwo amatuluka ali oyera, choko chitabisala m'kati mwake. Ukawawiritsa mpweya uja umathawa, ndipo choko chimabwerera kukhala mwala, n'kukakamira pa chitsulo cha ketulo. Palibe amene anathiramo. M'dera la London, lita imodzi ya madzi a pampopi imakhala ndi choko cha mamiligalamu 250 mpaka 300. Ku Glasgow, kumene madzi amachokera ku nyanja ya Loch Katrine pakati pa miyala yosasungunuka, sichikwana n'komwe 50. N'chifukwa chake amene anakulira ku Zomba, akusamba madzi a Mulunguzi amene kasopo kochepa kamadzaza beseni ndi thovu, amadabwa kwambiri kuno kusiyana ndi amene anakulira pa mjigo wa madzi amchere ku Chikwawa.

Choko chili ngati mtsuko watsopano wadothi: chimamwa madzi n'kuwasunga ozizira. Koma ndi mtsuko wokhala ndi ming'alu, ndipo m'ming'alumo madzi amathamanga mtunda wautali popanda chowasefa. Mvula ikachuluka kwa miyezi, choko chimakhuta n'kuyamba kulavula. M'chigwa cha Caterham, kummwera kwa Croydon, muli mtsinje wotchedwa Bourne umene umatha zaka uli wouma, anthu n'kumanga nyumba ndi misewu m'njira yake. Madzi saiwala khwawa. Mu Febuluwale 2014 Bourne anatuluka, ndipo ozimitsa moto anatha masabata akupopa madzi usiku ndi usana kuti asalowe pamalo oyeretsera madzi akumwa ku Kenley. Njira ya anthu oyenda pansi yodutsa kunsi kwa msewu pa Purley Cross anaidzaza dala madzi kuti ikhale dziwe losungira.

Akasupe otuluka m'choko amenewa ndi amene anaika tawuniyi pamene ili. Mtsinje wa Wandle umayambira ku Croydon ndi ku Carshalton, n'kukathira mu Thames ku Wandsworth, ndipo kale unkayendetsa zigayo zambiri m'mbali mwake. Croydon yakale inali m'munsi, pafupi ndi tchalitchi chachikulu ndi nyumba ya Akibishopu wa Canterbury, pakati pa timitsinje ndi maiwe. Njanji yochokera ku London itafika mu 1839, anthu anayamba kuchuluka, ndipo pofika 1851 anali pafupifupi 20,000. Zonyansa za m'zimbudzi ndi za m'malo ophera ng'ombe zinkatsikira m'maiwe omwewo, pamene zitsime za m'makomo zinali zosazama, zokumbidwa pafupi ndi maenje a zimbudzi. Boma litakhazikitsa lamulo la zaumoyo la 1848, Croydon inali imodzi mwa matawuni oyamba kulilandira. Mu 1849 inasankha bungwe lake la zaumoyo, ndipo bungweli linakumba chitsime chakuya m'choko kuseri kwa Surrey Street, msewu wa msika umene mpaka lero timagulako tomato ndi masamba. Nyumba ya injini yopopera madzi anaimanga ndi njerwa za nyumba ina ya ku West Croydon, imene inali ya sitima yoyendera mpweya wokokedwa m'paipi, sitima imene inalephera n'kutsekedwa mu 1847. Mu Disembala 1851 Akibishopu John Bird Sumner anatsegulira madziwo, ndipo anayamba kukwera kupita ku thanki ya pa Park Hill n'kumatsikira m'nyumba za anthu. Nyumba yopopera madziyi ikadalipo, ndi nsanja yake yonga ya linga imene injiniya Baldwin Latham anawonjezera mu 1867. Anthu ambiri amaidutsa atanyamula majumbo a kumsika osadziwa kuti ndi chiyani.

Chaka chimodzi chokha chitadutsa, kumapeto kwa 1852, matenda otentha thupi anagwa m'tawuni yomwe inkatamandidwa kuti ndi chitsanzo cha ukhondo. Anthu oposa 1,000 anadwala. Boma linatumiza dokotala Neil Arnott ndi injiniya Thomas Page kudzafufuza, ndipo zinaoneka kuti mapaipi adothi a suweji anali aang'ono, ena otsekeka, ena osweka. Adani a Edwin Chadwick, mkulu amene ankalimbikitsa mapaipi oterewa m'dziko lonse, anapezerapo mwayi womunyozera. Taifodi inabweranso mu 1875. Komabe sindingalinyoze bungwe lija. Linayamba ntchito imene panalibe woionetsa, ndipo linachotsa anthu pa madzi a m'maiwe.

Panali munthu wina amene chitsime cha Surrey Street chinamulanda chakudya pakamwa. Anali mwini chigayo cha pa Wandle, dzina lake Chasemore, ndipo chigayo chakecho chinali chitayendera madzi a mtsinjewo kwa zaka zoposa 60. Bungwe litayamba kupopa malita oposa 2 miliyoni patsiku, madzi amene akanatulukira m'akasupe anayamba kuthera m'mipopi, mtsinje n'kuphwa. Anakasuma, mlandu n'kukwera mpaka ku khoti lalikulu la House of Lords, ndipo mu 1859 anagonja. Oweruza anagamula kuti madzi oyenda mobisika pansi pa nthaka, opanda khwawa lodziwika, alibe mwini, ndipo amene wakumba pamalo pake akhoza kutunga mmene angathere. Mlanduwu, wotchedwa Chasemore v Richards, ophunzira zamalamulo amauwerengabe. Ine ndikadutsa ku Wandle Park, kumene mtsinjewu anaufukula utakhala zaka zambiri m'ngalande ya pansi, ndimaganiza za mwini chigayo uja. Tawuni inamwa, iye n'kutsala ndi gudumu louma, ndipo chilungamo cha mbali zonse ziwiri chinali chenicheni.

Za choko anthu anayamba kudandaula kalekale, ndipo dandaulo lawo linali la m'thumba. Sopo akakumana ndi madzi a choko, gawo loyamba limangosanduka litsiro loundana, ndipo thovu limabwera pokhapokha choko chonse chitadya sopo wokwanira. Nthawi imeneyo sopo anali wodula, wokhomeredwa msonkho, ndipo amayi ochapira anthu zovala ndi amene ankamva kuwawa. Thomas Clark, mphunzitsi wa sayansi ya mankhwala ku Marischal College mumzinda wa Aberdeen, anapeza njira yoyezera: ankadontheza sopo wamadzimadzi m'botolo la madzi n'kumakhutchumula mpaka thovu litakhala mphindi zisanu osatha, kenako n'kuwerenga kuchuluka kwa sopo amene walowa. Mu 1841 analembetsa njira yochotsera chokocho, ndipo njira yake imadabwitsa ukaimva koyamba. Umathira laimu, yemwe uja wopaka nyumba, m'madzi amene ali kale ndi choko. Laimuyo amagwira mpweya umene umasunga choko chosungunuka, ndiye choko ndi laimu zonse zimadikha pansi pa thanki, madzi ofewa n'kutsala pamwamba. Mu 1850 bungwe la boma la zaumoyo limene munali Chadwick linafika popempha kuti London isiye madzi a Thames n'kumatenga madzi ofewa a m'dera la mchenga ku Surrey, likunena za sopo ndi masamba a tiyi amene ankawonongeka. Nyumba ya malamulo sinavomere.

Koma kummwera kwa Croydon maganizo a Clark anagwira nthaka. Lamulo la 1862 lokhazikitsa kampani ya madzi ku Caterham linaikakamiza kufewetsa madzi ake, ndipo lamulo la 1903 linachita chimodzimodzi kwa kampani ya ku Sutton. Makampani a madera awiriwa anaphatikizana mu 1996, ndipo lero ndi SES Water, kampani yokhayo ku England imene lamulo limaikakamiza kuchepetsa choko m'madzi asanafike pampopi. Pamalo ena oyeretsera, chokocho amachikutira pa timchenga mpaka chisanduke timikanda toyera timene amatulutsa pa malole. Malire a kampaniyi ndi kampani ya Thames Water amadutsa m'kati mwa Croydon momwemo. Mmawa ndikhoza kukhala kwa agogo a ku Thornton Heath, kumene ketulo imafuna viniga pafupipafupi, masana n'kukhala kwa agogo a ku Coulsdon, kumene zoyerazo zimabwera ndithu koma mochedwerapo. Basi imodzi imalumikiza nyumba ziwirizi. Chimene chimasiyanitsa maketulo awo ndi malamulo amene analembedwa agogo onsewa asanabadwe.

Kodi a ku Coulsdon ndi athanzi kuposa a ku Thornton Heath chifukwa cha zimenezi? Ayi. Choko ndi kashiamu yemweyo amene thupi limafuna pa mafupa ndi mano, ndipo bungwe la WHO silinaike malire a zaumoyo pa kuchuluka kwake m'madzi akumwa. Kuuma kwa khungu n'koona, ndipo ine ndimakuona pa miyendo ya okalamba amene ndimawasambitsa, koma mankhwala ake ndi mafuta odzola ndi kuchepetsa sopo. Akatswiri a ku University of Nottingham anayesa kuika makina ofewetsa madzi m'nyumba pa kafukufuku wa ana 336 odwala nthenda yoyabwa ya pakhungu, ndipo zotsatira zimene anatulutsa mu 2011 zinaonetsa kuti makinawo sanachepetse nthendayo. Makina a m'nyumba oterewa amagwiritsa ntchito mchere, ndiye amene ali nawo amalangizidwa kusiya mpopi wa kukhitchini wosalumikizidwa, makamaka ngati pali khanda lomwa mkaka wa m'chitini.

Chimene choko chinachita choipa n'chakuti chinapatsa anthu chikhulupiriro chopitirira muyeso. Madzi a m'chitsime chakuya ankaoneka oyera kwambiri moti akuluakulu ankati safuna kuwasamala ngati madzi a mumtsinje. Chenjezo loyamba linabwera mu 1879 ku Caterham komweko. Kampani inkakumba njira ya pansi yolumikiza zitsime zake, ndipo mmodzi mwa okumbawo anali ndi matenda otsegula m'mimba koma sanasiye ntchito. Patapita masabata awiri taifodi inabuka ku Caterham ndi ku Redhill. Anthu 352 anadwala, 21 anamwalira. Dokotala wa boma Richard Thorne Thorne anatsatira nkhaniyi mpaka anapeza munthuyo, ndipo lipoti lake linalowa m'mabuku ophunzitsira madokotala. Madzi a ku Caterham anali ofewetsedwa kale nthawi imeneyo. Kufewa kwake sikunateteze aliyense.

Patapita zaka 58 zomwezo zinachitikanso, pamtunda wa makilomita ochepa chabe.

Croydon inali itakula kwambiri, anthu oposa 130,000 mu 1901 ndipo pafupifupi 250,000 m'zaka za m'ma 1930. Chitsime cha Surrey Street chokha sichikanakwanira, choncho m'zaka za m'ma 1880 khonsolo inakumba china ku Addington, kum'mawa chakummwera, chakuya mamita pafupifupi 76, chokhala ndi njira zokumbidwa chopingasa m'choko zosonkhanitsira madzi. Chinkamwetsa anthu pafupifupi 40,000 a kumtunda, makamaka ku South Croydon, dera la nyumba zikuluzikulu za anthu ogwira ntchito m'mabanki ndi m'maofesi a ku London. Njira yophera majeremusi ndi klorini inali itadziwika kale. Ku Maidstone anatsuka nayo mapaipi pa mliri wa taifodi wa 1897, ndipo ku Lincoln anaithira m'madzi akumwa mu 1905. Ku Addington nakonso makina ake analipo, pamodzi ndi masefa. Koma kumapeto kwa Sepitembala 1937 khonsolo inatsitsa amuna m'chitsimemo kukakonza njira za pansi zija, ndipo ntchitoyo inafika kumapeto kwa Okutobala. Palibe dokotala amene anawayeza asanatsike. Mmodzi wa iwo anadwalapo taifodi pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, n'kuchira, koma tizilombo tinatsalira m'thupi mwake kwa zaka pafupifupi 20 iye osadziwa, akudya bwino ndi kugwira ntchito ngati wina aliyense. Munthu akakhala pansi pa nthaka maola ambiri thupi limafuna kudzithandiza, ndipo chimene anali nacho chinali ndowa yokokedwa ndi chingwe. Nthawi yomweyo masefa anali kukonzedwa, ndipo klorini anaimitsidwa nawo. Kwa masiku angapo madzi a m'chitsime chimene munali anthu ankapita molunjika m'mipopi, osasefedwa, opanda mankhwala.

Taifodi siionekera tsiku lomwelo. Imakhala m'thupi sabata imodzi mpaka atatu, kenako mutu, kutentha thupi kokwera tsiku ndi tsiku, kufooka, ndipo ena matumbo amabooka. Odwala oyamba ataonekera kumapeto kwa Okutobala, a zaumoyo anayamba kufunsa za mkaka ndi zakudya, monga mwa chizolowezi. Za madzi sanaganize, chifukwa madzi a Addington anali ndi mbiri yabwino. Amene anayamba kuloza chala pa mpopi sanali dokotala. Anali bambo wina wogwira ntchito ku Bank of England amene mwana wake wamwamuna anali atagona ndi matendawa. Bamboyu anayenda khomo ndi khomo m'dera lake akufunsa amene akudwala, chimene anadya ndi kumene amagula mkaka, ndipo anapeza kuti chinthu chimodzi chokha chimene mabanja onsewo ankagawana chinali madzi. Anakauza mkulu wa zaumoyo wa tawuni, ndipo pa 31 Okutobala iye ndi anansi ake anakumana ndi akuluakulu a khonsolo. Klorini anayambanso kuthiridwa pa 1 Novembala. Mwana wake uja anamwalira.

Ndimaima pa bamboyu nthawi zonse ndikamaganiza za nkhaniyi. Pa ntchito yanga ndaphunzira kuti amene amayamba kuona kuti chinachake chalakwika ndi amene ali pafupi ndi bedi, osati amene ali ndi mafayilo. Munthu amene mwana wake akutentha thupi m'chipinda akanatha kungokhala pampando n'kumalira, ndipo palibe akanamudzudzula. Iye anatuluka kukagogoda pa zitseko za anzake. Masiku amene anafupikitsa anapulumutsa ana a anthu ena amene sanawadziwe n'komwe.

Ngakhale klorini anabwerera, amene anali atamwa kale anapitiriza kugwa m'Novembala monse mpaka Disembala. Mankhwala ochiza taifodi kunalibe. Oyamba, chloramphenicol, anadzayesedwa pa matendawa mu 1948. Odwala ankangowasamalira ndi madzi, chakudya chofewa ndi kuwapukuta thupi. Onse pamodzi anadwala 341, ndipo 43 anamwalira. Anthu a ku South Croydon anali ophunzira ndi odziwa kulemba makalata, ndiye anapanga komiti yawo n'kukakamiza boma kuti lifufuze poyera. Kafukufukuyo anayamba pa 6 Disembala 1937 motsogozedwa ndi loya Harold Murphy, ndipo lipoti linatuluka mu Febuluwale 1938. Silinapeze munthu woipa mtima. Linapeza akuluakulu amene sankauzana zinthu. Woyang'anira zaumoyo sanauzidwe kuti m'chitsime muli anthu, sanauzidwenso kuti klorini waimitsidwa. Oyang'anira madzi ankaona ntchito yawo ngati ya mapampu ndi mapaipi, osati ya matenda. Madokotala a m'makomo, amene ankaona odwala mmodzimmodzi, sanachenjezedwe msanga kuti ayang'ane taifodi. Chaka chomwecho khoti linamva mlandu wa Read v Croydon Corporation, wa bambo ndi mwana wake wamkazi amene anadwala, ndipo linagamula kuti khonsolo inalephera kusamala. Mabanja enanso analandira chipukuta misozi pambuyo pa chigamulochi.

Wogwira ntchito m'chitsime uja sindimuimba mlandu, ndipo ndimakana aliyense akamayamba nkhaniyi ndi iye. Anapita kunkhondo, anadwala, anachira, anapeza ntchito yokumba, ndipo anatsika kumene anamutuma. Udindo womuyeza unali wa amene anamutsitsa. Udindo wotseka chitsime pamene muli anthu unalinso wawo. Zonsezi zinali zitalembedwa kale mu 1879.

Kuchokera pa mliri wa Croydon, Unduna wa Zaumoyo unayamba kulangiza onse opereka madzi kuti ogwira ntchito m'zitsime aziyezedwa, kuti madzi aziyesedwa pafupipafupi, ndiponso kuti klorini asamasiyidwe ngakhale pa madzi a m'chitsime chakuya. Nkhondo yachiwiri, ndi mabomba ake oswa mapaipi a madzi ndi a suweji pamodzi, inamaliza kukhazikitsa chizolowezicho m'dziko lonse. Madzi a Croydon anachoka m'manja mwa khonsolo mu 1974 n'kupita ku Thames Water Authority, imene inagulitsidwa kukhala kampani mu 1989, ndipo kuyambira 1990 pali ofesi ya boma yotchedwa Drinking Water Inspectorate imene imayang'anira ubwino wa madzi a pampopi. Anthu kuno amakangana kwambiri za makampani a madzi, za mitengo ndi za suweji yotayidwa m'mitsinje, ndipo mkanganowo ndi woyenera. Koma ndi nkhani ina, yosiyana ndi funso lakuti kodi madzi a m'kapu angamwedwe.

Ndiye m'bale wanga wogula madzi a m'mabotolo akandiuza kuti m'madzi muli mankhwala, ndimamuvomera. Alimo. Kafungo kamene amakamva akatsegula mpopi mmawa ndi klorini, yemweyo amene kwathu timathira m'ndowa nthawi ya kolera, ndipo pano salekezedwa chifukwa anthu 43 anafa pamene anaimitsidwa kwa masiku ochepa. Ife sitiyenera kuuzidwa kawiri za zimenezi. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 ku Malawi, ndipo taifodi yavuta ku Blantyre mpaka boma linayamba kupereka katemera wake kwa ana mu 2023. Amene fungolo limamunyansa angathire madzi m'jagi n'kuika mufiriji, ndipo pakapita maola ochepa limatha lokha. Za kakhungu ka pa tiyi, kameneko ndi choko chokumana ndi utoto wa masamba a tiyi, ndipo kadontho ka ndimu kamakachotsa.

Chimene ine ndimayang'ana ndikalowa m'nyumba yakale, makamaka ya abale athu amene ali ndi ana aang'ono kapena mayi woyembekezera, si ketulo. Ndi paipi ya pansi pa sinki. Nyumba zambiri za ku Thornton Heath, Selhurst ndi South Norwood zinamangidwa 1914 isanafike, pamene paipi yochokera mumsewu kulowa m'nyumba inali ya mtovu, ndipo mapaipi oterewa analetsedwa cha m'ma 1970 koma ambiri sanachotsedwe. Mtovu suoneka m'madzi, sununkha, sumveka pa lilime, koma umawononga ubongo wa mwana amene akukula. Apa choko chimatithandizako, chifukwa chimamata m'kati mwa paipi n'kulekanitsa madzi ndi chitsulo. Ku Glasgow, kumene madzi ndi ofewa, vuto la mtovu linali lalikulu kwambiri kwa zaka zambiri. Makampani amathiranso phosphate pang'ono kuti akute mapaipiwo, ndipo kuyambira 2013 malire a lamulo ndi mamaikrogalamu 10 pa lita. Komabe madzi akagona m'paipi ya mtovu usiku wonse amatengako ndithu, ndipo kuwiritsa sikuuchotsa. Choncho ndimatenga ndalama yachitsulo n'kukanda pang'ono paipi pamene ikulowera m'nyumba. Ikakhala yotuwa, yofewa, ndipo pokandapo pakawala ngati siliva, ndi mtovu. Ndimauza mayi wa m'nyumbamo kuti mmawa azitsegula mpopi wa kukhitchini mpaka beseni lidzaze asanatunge madzi a phala la mwana, madzi oyambawo azithirira maluwa kapena kukolopera, aimbire kampani ya madzi kuti idzayeze, ndipo zotsatira zake akazionetse kwa mwini nyumba.